Sikelo ya matenda: amayeza bwanji katundu wa munthu wodwala matenda angapo nthawi imodzi?

Azakhali anga amasunga mankhwala awo m'chitini cha mabisiketi. Mukachitsegula mupezamo botolo la ma ARV, mapaketi awiri a mankhwala a BP, metformin wa shuga, ndi mapiritsi opha ululu wa maondo amene amagula okha. Ali ndi zaka 58, amachita lendi kachipinda kakuseri kwa nyumba ku Turffontein, mu Johannesburg, ndipo amagwira ntchito ya m'nyumba masiku anayi pa sabata. Mwezi wathawu abwana awo, amene ali pa medical aid (inshuwalansi yolipirira chipatala), analandira uthenga woti aikidwa m'gulu la anthu amene angathe kugonekedwa m'chipatala chaka chino, choncho namwino aziwaimbira foni mwezi ndi mwezi. Abwanawo anada nkhawa, n'kuwauza azakhali. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ku Rosettenville, azakhali anandikokera pambali.

"Iwe unapita kusukulu, tandiuza. Kompyuta ingadziwe bwanji kuti munthu agonekedwa pamene akuyenda bwinobwino? Nanga ine wa chitini chodzazane, bwanji palibe wandiimbira?"

Mafunso awiriwa ndi amene ndikufuna tiwayendere pang'onopang'ono, chifukwa nkhani ya NHI, inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse imene boma la South Africa likufuna kukhazikitsa, ikamakula tizimva kawirikawiri za kuyeza odwala ndi kugawa ndalama malinga ndi kulemera kwa matenda awo.

Matenda angapo mwa munthu mmodzi

Bungwe la WHO limati munthu ali ndi matenda angapo ngati ali ndi matenda amgonagona awiri kapena kuposerapo pa nthawi imodzi. Amgonagona ndi aja osachoka ndi jakisoni mmodzi, oyenda nawo zaka: shuga, BP, mphumu, khunyu, matenda a impso, a mtima, nyamakazi, matenda a maganizo, komanso HIV masiku ano.

Kale madokotala ankaphunzira ndi kufufuza nthenda imodzi payokha, ngati kuti munthu amabwera nayo yokhayokha. Mu 1970 dokotala wa ku America, Alvan Feinstein, anapereka dzina lakuti comorbidity pofuna kunena matenda ena amene wodwala ali nawo pambali pa nthenda imene dokotala akuyang'ana. Kwa dokotala wa khansa, shuga ndi mlendo wobwera pambali; kwa dokotala wa shuga, mlendoyo ndi khansa. Pambuyo pake anthu anayamba kunena multimorbidity, mawu amene sasankha nthenda yoti ikhale mfumu. Amayambira pa munthuyo ndi zonse zimene wasenza. Kusiyanaku n'kofanana ndi kwa mlangizi wa fodya amene amaona chimanga ndi mtedza ngati zongoperekeza, ndi mayi mwini munda amene amadziwa kuti zonsezo zikufuna khasu limodzi ndi msana umodzi.

Anthu ambiri amaganiza kuti iyi ndi nkhani ya nkhalamba. Kafukufuku wa ku Scotland amene anatuluka mu 2012 anaunika zolemba za anthu pafupifupi 1.75 miliyoni ndi matenda 40, ndipo anapeza kuti anthu 23 pa 100 alionse anali ndi matenda awiri kapena kuposa. Oposa theka la anthuwo anali asanafike zaka 65, ndipo m'madera osauka vutoli linkayamba zaka 10 mpaka 15 msanga kuyerekeza ndi m'madera olemera. Kuno ku South Africa nkhope yake ndi ina. Ku Khayelitsha, ku Cape Town, ofufuza anaunika odwala oposa 14,000 olandira mankhwala a HIV, TB, shuga kapena BP pa kiliniki imodzi, ndipo mu 2015 analengeza kuti pafupifupi 23 pa 100 anali ndi awiri kapena kuposa mwa matenda anayiwa. Ku uMkhanyakude, ku KwaZulu-Natal, kafukufuku wa Vukuzazi anayeza anthu oposa 17,000 ndipo anapeza kuti HIV ikusamalidwa bwino mwa ambiri, pamene BP ndi shuga zangolekereredwa. Malipoti a Statistics South Africa a 2016 mpaka 2018 anaika shuga pa nambala yachiwiri pa matenda opha anthu, kumbuyo kwa TB. Kwathunso si kwachilendo: kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi pa atatu alionse ku Malawi anali ndi BP yokwera.

Mwa njira ina, chitini cha azakhali ndi chipatso cha chipambano. Ma ARV aulere anayamba mu 2004 m'zipatala za boma ku Malawi ndi ku South Africa komwe, ndipo anthu amene tikanawaika m'manda ali ndi zaka 35 afika pa msinkhu woti agwidwe ndi shuga ndi BP.

Kuwerenga zikwama ndi kuziika pa sikelo

Njira yophweka yoyezera ndi kungowerenga: uyu ali ndi matenda awiri, uyo ali ndi asanu. Njirayi ndi yosavuta, ndipo imagwira ntchito kuposa momwe munthu angaganizire, makamaka pofuna kudziwa amene azibwerabwera ku kiliniki. Koma aliyense amene anatumizapo katundu kumudzi amadziwa vuto lake. Mukafika pa basi ku Park Station ndi zikwama zitatu, kondakitala sakhutira ndi mawu akuti "zitatu". Chikwama cha mabulangete ndi chikwama cha mabatire a sola sizifanana. Amaziika pa sikelo.

Amene anabweretsa sikelo yotchuka kwambiri ndi Mary Charlson, dokotala wa ku New York. Iye ndi anzake anatsatira odwala 559 amene anagonekedwa pa chipatala chawo m'mwezi umodzi wa 1984, n'kuona amene anamwalira chaka chisanathe. Kenako anayang'ana kuti nthenda iliyonse inakweza motani mwayi wa imfa, ndipo anaipatsa mapointi molingana ndi zimenezo. Zotsatira zinasindikizidwa mu 1987, ndipo mpaka lero sikeloyi imatchedwa Charlson Comorbidity Index. Ili ndi matenda 19. Shuga wopanda zovuta zina, matenda a mapapo okhalitsa, kufooka kwa mtima, zilonda za m'mimba ndi matenda oiwalaiwala a ukalamba, lililonse limalandira pointi 1. Khansa, matenda aakulu a impso, kufa ziwalo mbali imodzi, ndi shuga amene waononga maso, impso kapena mitsempha amalandira 2. Matenda aakulu a chiwindi amalandira 3. Pamwamba penipeni pali ziwiri zolandira 6: khansa yofalikira m'thupi, ndi Edzi. Mukaphatikiza mapointi a munthu, mwapeza kulemera kwa katundu wake. Pambuyo pake anawonjezera msinkhu, pointi imodzi pa zaka khumi zilizonse kuyambira pa zaka 50.

Tiyeni tiwakweze azakhali pa sikeloyi, chifukwa apa m'pamene nkhani imaonekera bwino. Shuga wawo ndi pointi 1. BP, imene amamwera mitundu iwiri ya mankhwala, silandira kanthu, poti mulibe pa mndandanda. Maondo amene amawalepheretsa kukwera masitepe a kwa abwana nawonso salandira kanthu. Nanga HIV? Mu 1984 ku New York, munthu wa Edzi wogonekedwa m'chipatala kawirikawiri sankamaliza chaka, n'chifukwa chake anaikidwa pamodzi ndi khansa yofalikira. Azakhali amamwa piritsi limodzi patsiku, ndipo kachirombo sikaoneka m'magazi awo kwa zaka zambiri. Ngati wolemba m'fayilo analemba kuti ali ndi kachirombo koma sakudwala, kompyuta siwapatsa pointi ina iliyonse, ndipo onse pamodzi, osawerengera msinkhu, ali ndi 1. Ngati analemba kuti ali ndi matenda a HIV, kompyuta iwapatsa 6, ndipo afika pa 7, kuposa munthu wa matenda a mtima, a impso ndi a mapapo pamodzi. Mayi yemweyo, tsiku lomwelo, chitini chomwecho.

Ofufuza anaona vutoli. Mu 2011 gulu lotsogozedwa ndi Hude Quan ku Canada linayezanso mapointiwa ndi zolemba zatsopano, ndipo HIV ndi Edzi zinatsika kufika pa 4, matenda ena n'kutsala opanda pointi. Koma m'dziko lokhala ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni a HIV, ambiri a iwo ali pa mankhwala, ngakhale 4 ndi nambala yofuna kuiunika. Komanso TB, imene yapha anthu ochuluka chotere kuno, pa mndandanda wa Charlson palibe. Sindikunena izi ponyoza ntchito ya mayiyu. Sikelo yake inayankha bwino funso limene anafunsa, la odwala a m'wodi mwake m'chaka chimenecho, ndipo funsolo linali la imfa. Anthu ena ndi amene anaitenga n'kumaifunsa za masiku ogona m'chipatala ndi za ndalama.

Masikelo ena, ndi kumene amatenga zoyeza

Mu 1998 Anne Elixhauser ndi anzake anapanga mndandanda wa matenda 30 pogwiritsa ntchito zolemba za zipatala za ku California. Iwo anayang'ana kutalika kwa masiku ogona m'chipatala, ndalama zolipira, ndi imfa za m'chipatala. Pa mndandanda wawo BP ilipo, kunenepa kwambiri kulipo, uchidakwa ndi matenda a maganizo ziliponso. Ku Seattle, mu 1992, Michael Von Korff anasonyeza kuti mungathe kuyeza munthu poyang'ana mankhwala amene amalandira: wolandira insulin ali ndi shuga, ngakhale palibe amene analemba. Njira imeneyi ndi yotsegula chitini cha azakhali m'malo motsegula fayilo. Ku yunivesite ya Johns Hopkins, Barbara Starfield ndi anzake anapanga njira ya ACG, imene imasonkhanitsa zonse zimene munthu wadwala m'chaka n'kumuika m'gulu la anthu oyembekezeka kufuna chithandizo chofanana. Ndipo mu 2020 ofufuza a ku England anatulutsa Cambridge Multimorbidity Score, imene inaonetsa poyera chinthu chofunika: nthenda imodzi imalemera mosiyana malinga ndi chimene mukufuna kulosera. Matenda a maganizo ndi ululu wosatha zimabweretsa munthu kwa dokotala kambirimbiri koma siziphetsa msanga, pamene khansa ndi matenda oiwalaiwala zimalemera kwambiri pa sikelo ya imfa.

Masikelo onsewa sayeza munthu. Amayeza zimene zalembedwa za munthuyo. Nthenda iliyonse ili ndi chizindikiro chake m'buku la WHO lotchedwa ICD-10: shuga wa akuluakulu ndi E11, BP ndi I10, kachirombo kosadwalitsa ndi Z21. Kuyambira mu July 2005, dokotala aliyense wofuna kulipidwa ndi medical aid ku South Africa amayenera kulemba zizindikirozi pa bilu. Ndiye abwana a azakhali, nthawi iliyonse akapita kwa dokotala, kukatenga mankhwala kapena kukayezetsa magazi, amasiya phazi m'kompyuta imodzi. Pakatha zaka zisanu mapaziwo amakhala njira yooneka bwino.

Azakhali mapazi awo ali balalabalala. Za HIV zili m'kompyuta ya kiliniki. Za shuga ndi BP zili m'fayilo ya pepala. Pamene anagonekedwa zaka zitatu zapitazo, chipatala chachikulu chinawatsegulira fayilo ina ya nambala ina, dzina lawo litalembedwa mosiyana pang'ono. Zakale zonse zili m'buku lawo lakuchipatala la kwathu, lachikuto chothetheka, limene amalisunga m'pulasitiki pansi pa sutikesi. Ndinalitsegula tsiku lina. Muli zolemba za dokotala wa kwathu zosonyeza tsiku limene anawapeza ndi BP, ndi mankhwala oyamba amene anawatupitsa miyendo. Palibe kompyuta ya ku Gauteng imene inaliwerengapo. Chigawo cha Western Cape chinapita patsogolo pa kulumikiza zolemba za wodwala mmodzi pa nambala imodzi, ndipo boma lalikulu lakhala likukhazikitsa kaundula wa odwala m'makiliniki, koma ntchitoyi ikadali pa ulendo.

Kulosera kumatanthauza chiyani?

Ili ndi funso loyamba la azakhali. Kompyuta silota. Imatenga anthu zikwi zambiri a chaka chatha, n'kuona kuti mwa amene anali ndi msinkhu wakuti, matenda akuti, mankhwala akuti, ndipo anagonekedwapo kangati, ndi angati amene anagonekedwanso chaka chotsatira. Ikapeza munthu wofanana nawo lero, imamupatsa mwayi womwewo. Ikati mwayi wa abwana ndi 30 pa 100, ikutanthauza kuti mwa anthu 100 onga iwo, pafupifupi 30 adzagona m'wodi ndipo 70 sadzagona. Amene ali mwa 30 ndi amene ali mwa 70, siiwadziwa. N'chimodzimodzi a zanyengo akanena kuti chigawo chakumwera chilandira mvula yochepa chaka chino: boma lingakonzekere chimanga ku ADMARC, koma sizikuuzani ngati munda wanu wa ku Thyolo upsa.

Akatswiri amayesa ubwino wa sikelo motere. Amatenga anthu awiri, wina amene anagonekedwadi ndi wina amene sanagonekedwe, n'kufunsa kuti sikelo inapatsa ndani mapointi ochuluka. Amabwereza ndi anthu awiriawiri ambirimbiri. Sikelo yolondola theka la nthawi imalembedwa 0.5, ndipo siiposa kuponya ndalama m'mwamba. Yolondola nthawi zonse ingakhale 1.0, ndipo yotero kulibe. Masikelo ambiri olosera kugonekedwa amagwera pakati pa 0.6 ndi 0.8. Kulosera imfa kumayenda bwinoko kuposa kulosera kugonekedwa, chifukwa kugonekedwa kumadaliranso zinthu zimene fayilo ilibe: ngati bedi lilipo, ngati pakhomo pali wosamalira, ngati munthu ali ndi ya takisi usiku umenewo. Ndipo chinthu chimene chimalosera mwamphamvu kwambiri kawirikawiri ndi chakuti munthuyo anagonekedwapo kale posachedwa.

Manambalawa amawafunira zifukwa zitatu. Choyamba ndi kusankha anthu oti awasamale mwapadera, monga foni ya namwino ija. Chachiwiri ndi kuyerekeza zipatala mwachilungamo: zipatala zazikulu monga Chris Hani Baragwanath kapena Charlotte Maxeke zimalandira odwala ovuta otumizidwa kuchokera kwina, ndipo kuwerenga imfa zawo osayeza kulemera kwa odwalawo kungakhale kuwanamizira. Chachitatu ndi kugawa ndalama. Lamulo la NHI linasainidwa ndi Pulezidenti Cyril Ramaphosa pa 15 May 2024, ndipo lakumana ndi milandu ingapo m'makhothi. Mapulani ake amanena zolipira makiliniki ndi madokotala a m'madera malinga ndi chiwerengero cha anthu olembetsa kwa iwo, ndalamazo zikusinthidwa potengera kudwala kwa anthuwo. Popanda kusintha kotere, kiliniki yodzaza ndi anthu onga azakhali ingalandire zofanana ndi kiliniki ya ophunzira a pa yunivesite. Pa nkhawa ya abwana, ndinawauza azakhali kuti akawatonthoze: lamulo la Medical Schemes Act la 1998 sililola medical aid kukweza ndalama ya pamwezi ya munthu chifukwa choti akudwala.

Kufika kuchipatala ndi kufunikira chipatala

Apa ndi pamene pali yankho la funso lachiwiri, ndipo ndi pamene mtima wanga uli. Masikelo ambiri amaphunzira kuchokera pa anthu amene anafika kuchipatala ndi ndalama zimene zinawonongedwa pa iwo. Wodwala amene sanafike, kwa kompyuta amaoneka ngati wathanzi.

Mu 2019 Ziad Obermeyer ndi anzake anafufuza pulogalamu ina imene inkagwiritsidwa ntchito pa anthu mamiliyoni ku America posankha odwala ofunika chisamaliro chapadera. Pulogalamuyo sinkafunsa mtundu wa munthu. Inkangolosera ndalama zimene adzawononge. Koma popeza odwala akuda ankalandira chithandizo chochepa pa matenda ofanana, ndalama zawo zinali zochepa, ndipo kompyuta inkawayesa opepukirapo. Munthu wakuda ndi mzungu a mapointi ofanana, wakudayo amakhala wodwala kwambiri. Ofufuzawo anawerengera kuti vutoli litakonzedwa, gawo la odwala akuda pakati pa osankhidwa likanakwera kuchoka pa 17.7 kufika pa 46.5 pa 100. Palibe amene anachita dala. Anangosankha chinthu chosavuta kuwerenga, ndalama, n'kuchiyesa matenda.

Taganizirani za ife a ku Joni. Mlonda wogwira usiku ku Fordsburg amene akajomba tsiku limodzi amadulidwa malipiro. Mayi amene pasipoti yake inatha masiku, ndipo amaopa kufunsidwa mapepala pa windo. Chaka cha 2025 tinaona pa TV magulu a anthu ataima pa mageti a makiliniki ena n'kumabweza obwera, ngakhale kuti gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe woyenera kukanizidwa chithandizo cha mwadzidzidzi. Alipo amene amadalira mankhwala otumizidwa ndi achibale pa basi. Alipo amene matenda akakula amakwera basi kukafera kumudzi, ndipo m'zolemba za kuno amangosowa, osalembedwa ngati ogonekedwa kapena omwalira. Onsewa pa sikelo ndi opepuka ngati thonje. Eni dziko osauka a ku Diepsloot kapena Orange Farm, amene BP yawo sinayezedwepo, ali m'bwato lomwelo. Mlimi amene sanapite kumsika sitingati sanakolole, ndipo sitingatinso alibe njala.

Mbali inayo iyeneranso kumveka. Woyang'anira chipatala amene akukonza mabedi a chaka chamawa akufunadi kudziwa amene adzabwere, ndipo pa ntchito imeneyo sikelo yolosera kufika ndi yoyenera. Vuto limabwera sikelo yomweyo ikatengedwa kukagawira chithandizo kapena ndalama, ngati kuti ikunena za amene akufunikira.

Katundu amene sakwera pa sikelo

Mu 2005 Cynthia Boyd ndi anzake ku Johns Hopkins anayerekeza mayi wa zaka 79 wa matenda asanu odziwika, n'kutsatira malangizo a nthenda iliyonse monga analembedwera. Anapeza kuti mayiyo angafunike mankhwala 12, milingo 19 patsiku yomwa pa nthawi zisanu zosiyana, ena akulimbana okhaokha. Kuchokera pa ntchito ngati imeneyi kunabwera ganizo loti chithandizo pachokha ndi katundu, woyenera kuyezedwa: maulendo, mizere, ndalama ya takisi, zakudya zoletsedwa, masiku a ganyu otayika.

Matenda saphatikizana ngati masamu a sitandade 2. Dolutegravir, amene ali m'piritsi la ARV la masiku ano, amakweza mlingo wa metformin m'magazi, choncho namwino amayenera kusamala kuchuluka kwake. Munthu akayamba mankhwala a TB okhala ndi rifampicin, dolutegravir amayenera kuwonjezeredwa. Tenofovir, mankhwala ena a ARV, amafuna impso zoyang'aniridwa, ndipo impso zomwezo ndi zimene shuga ndi BP zimadya, ndi zimenenso mapiritsi ena opha ululu ogula pa kauntala amavulaza. Kafukufuku wa ADVANCE, amene anachitikira mu Johannesburg mom'muno pa anthu oposa 1,000, anasonyeza kuti ena omwa dolutegravir, makamaka amayi, ananenepa kwambiri. Pointi 1 kuphatikiza pointi 1 nthawi zina m'thupi zimakhala 4.

Ndinawaperekeza azakhali ku kiliniki tsiku lina m'nyengo yozizira. Tinafika mdima usanachoke, iwo atafunda bulangete pamwamba pa jekete, chikwama cha mapepala atachikumbatira pachifuwa. Namwino atawaitana anawayeza BP kawiri, n'kuwafunsa ngati akumwa mankhwala onse. "Ndimamwa, mayi," anatero azakhali, "koma piritsi lokodzetsa lija ndimalidumpha tsiku la ntchito, poti m'takisi mulibe chimbudzi." Namwinoyo anamvetsa ndipo anakambirana nawo za nthawi yomwera. Yankho limenelo likhoza kuwagoneka m'wodi tsiku lina, ndipo lilibe chizindikiro chilichonse mu ICD-10. Pali zoyesayesa zopeputsa katunduyu. Kuyambira 2014 pulogalamu ya CCMDD imalola odwala okhazikika kutengera mankhwala pamalo apafupi osaima pa mzere wa kiliniki, ndipo kwathu ku Neno, kuyambira 2015, kiliniki imodzi imaona HIV, BP, shuga, mphumu ndi khunyu pa ulendo umodzi.

Mafunso amene adakali poyera

Funso lalikulu ndi lakuti, kodi kudziwa kumathandiza? Ku Wales anayesa pulogalamu yolosera yotchedwa PRISM m'makiliniki 32 a anthu pafupifupi 230,000, poyembekeza kuti kugonekedwa kwadzidzidzi kutsika. Zotsatira za mu 2018 zinasonyeza kuti kunakwera pang'ono, ndi 1 pa 100. Ku Camden, ku America, anthu ankatama pulogalamu yosamalira odwala ogonekedwa pafupipafupi, chifukwa akalowamo kugonekedwa kwawo kunkatsika. Atayesa mwa maere pa odwala 800, zotsatira za mu 2020 zinasonyeza kuti amene sanalowe m'pulogalamuyo nawonso anatsika mofanana: m'magulu onse awiri pafupifupi 62 pa 100 anagonekedwanso m'miyezi 6. Chaka cha chilala choopsa nthawi zambiri chimatsatidwa ndi chaka chabwinoko, mutasintha mbewu kapena ayi. Ena amati izi zikusonyeza kuti kusankha anthu a pamwamba penipeni n'kuchedwa, ndipo mphamvu ziyenera kupita kwa amene sanafike poipa. Ena amati sikelo ilibe mlandu, chithandizo chotsatira ndicho chinali chosakwanira, poti foni ya namwino siingapatse munthu nyumba kapena chakudya.

Akatswiri sanagwirizanenso kuti ndi matenda ati oyenera kuwerengedwa. Mndandanda ukatalika, pafupifupi aliyense wopitirira zaka 60 amakhala wa matenda angapo ndipo mawuwo amataya mphamvu; ukafupika, maondo ndi maganizo a azakhali zimagwera kunja. Kodi TB, imene imachira koma imasiya mapapo a zipsera, ndi yamgonagona? Nanga HIV yogonjetsedwa ndi mankhwala ilemere bwanji pa sikelo yopangidwira Soweto kapena Ndirande, ndipo ndani ali ndi zolemba zokwanira zoti apangire sikelo imeneyo, pamene zolemba zabwino kwambiri m'dziko lino ndi za anthu a medical aid, amene safika 1 pa anthu 5 alionse?

Palinso funso la umphawi. Ena akufuna kuti malo okhala, ntchito ndi mapezedwe zilowe pa sikelo, kuti makiliniki a m'madera osauka alandire zambiri. Ena akuopa kuti kutero kungapereke chowiringula kwa chipatala chosagwira bwino ntchito. Ndalama zikayamba kutsatira mapointi, pamabweranso chiyeso choti olemba azilemba matenda molemeretsa, monga zadandaulidwira ku America, ndipo njira yotsekera mpata umenewu popanda kumiza anamwino m'mapepala sinapezeke bwinobwino.

Ndipo kwa ife obwera pali mfundo yothina mbali zonse. Kuti azakhali aoneke pa sikelo, zolemba zawo zonse ziyenera kulumikizidwa pa dzina limodzi ndi nambala imodzi. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, limateteza mwapadera zinsinsi za umoyo wa munthu, komabe munthu wa mapepala osalongosoka amafunsa kuti ndani winanso adzaone kaundulayo. Nditawafotokozera zonsezi, azakhali anandifunsa ngati buku lawo la kwathu lingathe kulowetsedwa m'kompyuta ya kuno, ndiponso ngati akadzabwerera ku Thyolo zolemba za kunozi zidzawatsatira. Pakali pano zimene zimawoloka nawo pa Mwanza ndi kalata yosamutsira imene namwino amalemba pamanja munthu akapempha, ndi chitini chija.